Zikwama Zachikasu

Ndasoka nsapato pageti la sukulu ya pulayimale ya m'tauni yathu ya asodzi kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, pansi pa mtengo wa mango womwewo. Aphunzitsi aakulu asintha kasanu, mpanda wagwa kawiri, koma ine ndikadali pomwepo ndi bokosi langa. Choncho ndikamanena za ana a pasukulupo, ndimanena zimene ndaona ndekha. Nkhope zawo sindizisunga kwenikweni, chifukwa mutu wanga umakhala choweramira. Ndimawadziwa ndi nsapato ndi zikwama.

Mwana akatsala pang'ono kusiya sukulu, ine ndimadziwa aphunzitsi asanadziwe. Amasiya nsapato kapena chikwama kuti ndisoke, ndiye sabweranso kudzatenga. Kuseri kwa mtengowo ndili ndi thumba lodzaza ndi zinthu zotero. Sinditaya kanthu. Lamba, zipi, kathumba ka pambali, zonse zimadzagwira ntchito tsiku lina.

Lolemba lina m'mwezi wa Marichi, mphepo ya panyanja itangoleka, panabwera magalimoto awiri a kampani ina ya kumzinda wa Semarang. Munatuluka amuna onenepa ovala malaya amaluwa, ndi mayi wina wonyamula kamera. Ana anali atandanda pabwalo kuti akweze mbendera monga mwa Lolemba lililonse, malaya oyera, masiketi ndi akabudula ofiira. Pak Hartoyo, kapena kuti bambo Hartoyo, mphunzitsi wamkulu, anatenga chimkuzamawu n'kuyamba kuitana mayina. Anaitana ana makumi anayi. Aliyense ankapita kutsogolo, kugwira dzanja la bwana n'kuliika pachipumi, kenako n'kulandira chikwama. M'chikwamamo munali makope khumi, mapensulo, rula ndi nsapato zakuda.

Zinthuzo zinali zabwino, sindinama. Koma zikwamazo zinali zachikasu chowala, choti munthu ungachione uli pakati pa nyanja. Kumbuyo kwake kunali zilembo zikuluzikulu zofiira: THANDIZO KWA ANA OSAUKA. Pansi pake panali dzina la kampaniyo.

"Kwezani zikwama m'mwamba," anatero mayi wa kamera uja. "Zilembozo ziyang'ane kuno. Mwetulirani."

Ana anzawo mazana atatu anali chilili padzuwa, akuwerenga.

Ine ndinalavula pansi n'kupitiriza kumata chidendene. Zimenezi ndinazionapo. Ndili m'kalasi yachitatu, mkazi wa mkulu wina wa boma anabwera kudzagawa malaya. Anandikweza pabenchi kuti onse aone mmene andikwanirira. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa la Kasmuri linatha, ndinasanduka Malaya a Boma. Ndinapirira masiku khumi. La khumi ndi chimodzi ndinakapezeka kudoko ndikusenza madengu. N'chifukwa chake mpaka lero ndimalemba ngati nkhuku yapalasa.

Magalimoto atapita, Pak Hartoyo analamula kuti aliyense amene walandira azinyamula chikwamacho tsiku lililonse, poti mabwana aja akhoza kudutsa nthawi ina iliyonse kudzaona. Ine ndinayamba kuwerenga zachikasu zolowa pageti. Lachiwiri zinalowa makumi anayi. Sabata isanathe zinali makumi atatu ndi zitatu.

Lachinayi la sabata yachiwiri kunabwera Bu Tiurma, kapena kuti mayi Tiurma, mphunzitsi wa kalasi yomaliza, nsapato imodzi ili m'manja. Ndi mayi wachitsikana wochokera kutali, kuchilumba cha Sumatra, wa mawu aakulu, wosadziwa kuzungulira nkhani.

"Agogo, lamba uyu wadukanso."

"Wadukanso chifukwa mumayenda ngati mukuthamangitsa mbava. Khalani apo."

Anakhala pakampando kanga, phazi limodzi lili m'malere.

"Mukumudziwa Ratri, mwana wa a Tumini otumbula nsomba aja?"

Ndinkamudziwa. Nsapato zake zinkathera kunja, chifukwa ankayenda mofulumira. Chikwama chake chakale, chobiriwira, anabwera nacho kwa ine kutatsala sabata kuti mabwana aja abwere. Ndinachiyang'ana n'kumuuza kuti chafa, palibe pogwira singano, ndipo ndinachiponya m'thumba langa lija.

"Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu asakubwera," anatero Bu Tiurma. "Mwana amene amakhoza masamu kuposa onse. Pak Hartoyo akuti Lolemba m'mawa akutumiza mayina a olemba mayeso omaliza, ndipo amene sadzapezeka pamzere tsikulo dzina lake lichotsedwa. Ndapita kwawo katatu. Mayi ake amangoti, 'Inde aphunzitsi, abwera mawa.' Katatu konse."

"Mwakhala kuno zaka ziwiri, koma inde wa kuno simunamudziwebe? Munthu wa kuno sakana mlendo pakhomo pake. Mukanapita kakhumi, mukanalandira inde khumi, ndi tiyi pamwamba."

"Ndiye chavuta n'chiyani? Makope ali nawo, nsapato ali nazo. Chilichonse chimene ankasowa tampatsa."

"Anagulitsa," ndinatero. "Mupite kumsika Lamlungu, mukazipeza nsapatozo pamulu."

"Inu agogo, palibe munthu amene mumamukhulupirira?"

"Analipo mmodzi. Anandibera nyundo."

Anaseka, koma osati kwambiri. Atavala nsapato yake anaimabe pomwepo.

"Inuyo akhoza kukuuzani zoona. Ine amandiona ngati boma."

"Ine ndimasoka nsapato, aphunzitsi. Sindisaka ana a eni."

Ndinanena choncho, koma Lachisanu nditatuluka mumzikiti miyendo inanditengera kudoko. Ndinkafuna kukaona ndi maso anga kuti ndanena zoona, basi.

Ratri ndi mayi ake ndinawapeza pabwalo la Haji Rofik, pamene amayanika nsomba zamchere. Inali nyengo ya nsomba zambiri, mathandala onse ali odzaza. Amayi anali atakhala pamzere pansi pa denga la malata, aliyense ndi mpeni ndi beseni. Kumapeto kwa mzerewo kunali Tumini, ndipo pambali pake Ratri, atamanga kansalu kumutu. Mpeni ankaugwira bwino kale. Zimenezo sizinandisangalatse.

"Agogo a Kasmuri," anatero Tumini akupukuta manja. "Mwasochera? Kuno kulibe ovala nsapato."

"Ndabwera kudzaona chikwama chija. Akuti zipi zake zikuvuta, ndiye ndikuyendera zonse."

Linali bodza, ndipo iye anadziwa kuti ndi bodza, koma munthu wamkulu samutsutsa pagulu. Ananditengera kunyumba kwawo, kuseri kwa bwalolo, Ratri akutitsatira.

Chikwamacho chinali chopachikidwa pamsomali, pafupi ndi chithunzi cha malemu bambo a Ratri, chitakulungidwa m'pepala la pulasitiki kuti chisade. Ndinachitsitsa n'kutsegula. Makope onse khumi analimo. Mapensulo analimo, awiri okha ndiwo anali osongoledwa. Nsapato zinali pansi pa bedi, zopukutidwa. Palibe chimene anagulitsa. Ndinali nditalakwa, ndipo kulakwa sindinakuzolowere.

"Abwerera kusukulu, agogo," anatero Tumini. "Mawa kapena mkuja."

"Mayi a Ratri, ine si mphunzitsi wa ku Sumatra. Inde ameneyo musungireni alendo." Ndinatembenukira kwa mwanayo. "Iwe, akukutchula chiyani?"

Anayang'ana mayi ake, kenako pansi.

"Ndafunsa kuti akukutchula chiyani. Ine ankanditchula Malaya a Boma."

"Wachikasu," anatero. "Tonse amatiti achikasu. Ndikamalowa m'kalasi amawerenga zilembozo mokweza, onse pamodzi, ngati akuwerenga pabolodi. Wina anandiponyera ndalama yachitsulo padesiki n'kunena kuti ndikagule chakudya. Ndinabwera ndi makope m'jumbo, Pak Hartoyo anandibweza kuti ndikatenge chikwama. Ndiye ndinabwera kunyumba, osabwereranso."

"Ndinamuuza kuti apirire," anatero Tumini. "Mawu satupitsa khungu. Koma akuti kuli bwino kununkha nsomba. Ndipo a Haji anena kuti ali ndi dzanja labwino, mwezi ukayamba ampatsa malo akeake pamzere."

Malo amenewo ndimawadziwa. Amayi amene amakhala pamzere uja ambiri anayamba ali ndi msinkhu wa Ratri, ndipo aliyense ankati ndi nyengo imodzi yokha.

Ndinakhuthula chikwamacho pamphasa n'kuyamba kuchifufuza monga ndimachitira ndi katundu aliyense. Nsalu yake inali yochindikala, yosalowa madzi. Misoko inali yowongoka. Ndinapinda mlomo wake kuti ndione m'kati, ndipo m'kati monse munali mwakuda, mosalala, mopanda chilembo ndi chimodzi chomwe.

"Amene anasoka ichi amadziwa ntchito," ndinatero. "Amene analemba ndiye anali chitsiru. Chikwama ichi ndikhoza kuchiphwasula chonse, n'kutembenuza nsalu, n'kuchisokanso. Chikasu ndi zilembo zilowa m'kati, zizikawerengedwa ndi makope."

Ndinatulutsa lezala m'thumba la malaya. Tumini anaika dzanja pachikwamacho.

"Agogo, imeneyi ndi mphatso ya akuluakulu. Mwanayu anagwira dzanja lawo. Tikaidula, anthu adzati a Tumini ndi osayamika. Akadzabweranso ndi zina, adzatidumpha."

"Anapatsa ndani chikwamachi?"

"Anapatsa Ratri."

"Ndiye n'cha Ratri. Munthu akakupatsa nsomba, sabwera kudzakuuza kuti uwotche kapena uphike."

"Inde, agogo," anatero, koma dzanja silinachoke.

Sindikanalimbana ndi mayi m'nyumba mwake. Ndinabweza lezala m'thumba n'kuyamba kufuna ndodo yanga. Pamenepo ndi pamene Ratri anagwada, n'kuchotsa dzanja la mayi ake pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, n'kundipatsa chikwamacho ndi manja awiri.

"Koma agogo," anatero, "mukatembenuza changa, anzanga adzabweretsanso zawo. Zonse zikakhala zakuda zofanana, adzangosintha dzina. Tidzakhala akuda."

Bu Tiurma sananame, mwanayo mutu unalipo.

"Zimenezo undisiyire ine," ndinatero. "Lolemba ubwere pamtengo belu lisanalire. Ukapanda kubwera, ndichigulitsa."

Tumini anadzuka. Anandiperekeza mpaka pakhomo, ndipo potsanzikana anandipatsa nsomba ziwiri zouma m'pepala. Ndinamva kuti wavomera, nkhani yatha.

Loweruka lonse ndinali pachikwamacho. Kutembenuza chikwama si kutembenuza malaya ayi. Umayamba wamasula zipi, kenako malamba, kenako msoko uliwonse, ulusi umodziumodzi, osalola lezala kukhudza nsalu. Zidutswa zinatuluka khumi ndi chimodzi. Ndinazindandalika pabokosi monga zinakhalira, kuti ndisasokoneze chakumanja ndi chakumanzere. Posoka umalowetsa singano m'mabowo akale omwewo, chifukwa ukaboola ena nsalu imafooka ndipo mvula imalowa. Makina ndilibe. Zala zanga zinatupa kale ndi ukalamba, ndipo pofika masana chala chachikulu chinali chitachita dzanzi. Ndinatukwana kampaniyo, ndinatukwana Pak Hartoyo, ndinatukwananso mkazi wa mkulu wa boma uja ngakhale anafa kalekale. Ntchito inayenda.

Lamlungu ndinakhuthula thumba langa la zinthu zosiyidwa. Ndinapeza chikwama chakale cha Ratri, chobiriwira chija. Thupi lake linali lofa ndithu, koma kathumba ka kutsogolo kanali kamoyo. Ndinakadula, ndinakachapa, n'kukasokerera pachikwama chatsopanocho. Malamba achikasu ndinawachotsa n'kuikapo otuwa a chikwama cha mwana wina amene anasiya sukulu zaka zisanu zapitazo. Nditamaliza ndinachipachika panthambi n'kubwerera m'mbuyo. Chinkaoneka ngati chikwama chimene bambo wina anagulira mwana wake kumsika, osati chokwera mtengo, osatinso chotchipa.

Lolemba ndinafika pamtengo dzuwa likungotuluka. Ana anayamba kudutsa, ena wapansi, ena pa njinga zamoto za makolo awo. Pak Hartoyo anali pageti monga mwa masiku onse, ana akugwira dzanja lake n'kuliika pachipumi. Bu Tiurma anali pambali pake, maso ali kumsewu wa kudoko. Ine sindinayang'ane kumsewuko. Ndinali nditauza kale mtima wanga kuti mwanayo sabwera, ndipo ndinkaganiza zoti chikwamacho ndichigulitse ndalama zingati.

"Agogo."

Ratri anali ataima patsogolo panga, malaya oyera osita, nsapato zatsopano zija kuphazi, makope atawakumbatira pachifuwa. Ndinatsitsa chikwamacho. Anachitembenuza uku ndi uku, n'kugwira kathumba kobiriwira kaja. Analongedza makope n'kubereka.

"Lamba wakumanzereyo ukamukoka kwambiri aduka," ndinatero. "Pita."

Sanapite patali. Pak Hartoyo anamuimitsa pageti.

"Ratri, wabwera. Chabwino. Koma chikwama chako chili kuti? Ndinanena chiyani ine?"

Ndinadzuka ndi ndodo yanga. Zaka makumi atatu ndi zinayi sindinalowererepo nkhani za pageti limenelo, koma ntchito yanga sindilola kuti ayinyoze ndili pomwepo.

"N'chomwecho, bwana," ndinatero. "Chimene wabereka."

"Ichi n'chakuda, agogo."

Ndinatsegula zipi chikwamacho chili kumsana kwa mwanayo, n'kukankhira makope pambali. Chikasu chinaonekera, ndi zilembo zofiira zija zitayang'ana m'kati.

Pak Hartoyo anatuluka thukuta pamphuno. Si munthu woipa, koma ndi wamantha, ndipo wamantha amapweteka anthu ambiri kuposa woipa.

"Mwawononga katundu wa eni," anatero motsitsa mawu. "Mabwana aja akabwera, ndidzawaonetsa chiyani?"

"Mudzawaonetse mwanayu. Akafuna zilembo zawo, adzatsegule zipi n'kujambula. Palibe chilembo chimene ndataya, muwerenge."

"Agogo, simukumvetsa. Anthu amenewa akakhumudwa, chaka chamawa sitilandira kanthu."

"Zachikasu zalowa zingati lero, bwana? Ine ndawerenga makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Munapereka makumi anayi."

Bu Tiurma analowererapo ndi mawu ake aakulu aja, moti makolo amene anali pa njinga zamoto anatembenuka.

"Bwana, lamulo lanu linati aliyense azinyamula chikwama chimene analandira. Mwanayu wanyamula. Ali pamzere Lolemba belu lisanalire. Dzina lake ndilichotse pa chifukwa chiti? Mundiuze kuti ndilembe."

Pak Hartoyo anayang'ana makolo aja, anayang'ana ine, anayang'ana wotchi yake. Nayenso ndi munthu wa kuno, kukana pagulu sangathe.

"Tikambirana nthawi ina," anatero.

Bu Tiurma anatsegula pakamwa kuti afunse nthawi yake, koma ndinamugunda phazi ndi ndodo. Kuno munthu wamkulu akati tikambirana nthawi ina, ndiye kuti wagonja, ndipo wanzeru amamusiyira njira yothawira. Belu linalira. Ratri analowa.

Masana a tsiku lomwelo, ana atatuluka, ndinapeza zikwama zachikasu zitatu zitaikidwa pabokosi langa, eni ake ataima patali ngati sakuzidziwa. Mawa lake zinabwera zisanu. Bu Tiurma anandigulira ulusi ndi masingano ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo anayenda m'makomo a aphunzitsi anzake kutolera zikwama zakale kuti ndipeze malamba ndi timatumba tosiyanasiyana. Anafuna kundilemba dzina papepala loti alipachike mu ofesi. Ndinamuuza kuti akayerekeza, nsapato zake azikasoketsa ku Sumatra.

M'masabata asanu ndinatembenuza zikwama makumi atatu ndi chimodzi, ndipo panalibe ziwiri zofanana. China ndinachiika zipi yofiira, china thumba la jinzi, china ndinachisokerera chikopa pansi. Thumba langa la kuseri kwa mtengo linaphwa kwa nthawi yoyamba. Pak Hartoyo ankadutsa pamtengopo akuyang'ana kumwamba, ngati akuwerenga mango.

Sikuti onse anabwerera. Anayi sindinawaonenso. Chikwama chimodzi chachikasu ndinachiona kumsika, mayi wina atadzazamo anyezi. Mabwana a ku Semarang aja sanabwerenso n'komwe. Zithunzi zawo anali atapeza kale. Zimenezo ndinadziwa kuyambira tsiku loyamba, kungoti palibe amene anandifunsa.

Mayeso omaliza analembedwa mu Meyi. Tsiku loyamba ana a kalasi ya Bu Tiurma anabwera molawirira, onse pamodzi, chigulu cha malaya oyera chikukankhana pageti. Ndinaika singano pansi n'kudzutsa mutu kuti ndimuone Ratri. Ndinayang'ana kutsogolo, ndinayang'ana kumbuyo, osamupeza. Mtima unayamba kundiuza zoipa, monga umachitira, kuti Haji uja wapambana.

Kenako pakati pa misana yonseyo ndinaona kathumba kobiriwira, ndi msoko wanga wopendekera kumanja. Anali pakati penipeni pa anzake, akukangana ndi mtsikana wina za funso la masamu, manja ali m'mwamba. Sanacheuke kuti andione. Palibenso amene anacheuka kuti amuone iye.

Ndinatola singano yanga. Panali nsapato ya mwana wa kalasi yachiwiri yofunika kumata belu la masana lisanalire, ndipo mwini wake ndinali nditamuuza kuti akapanda kudzaitenga, ndimulondola mpaka kwawo.